Kukonzakonza Kompyuta Pamene Ntchito Ikudikira

Kuyambira mu 2004, kampani ya Canonical, imene inayambitsidwa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, imatulutsa Ubuntu watsopano kawiri pa chaka, mu Epulo ndi mu Okutobala. Ubuntu ndi umodzi mwa mitundu yambirimbiri ya Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta imene munthu amaipeza mwaulere m'malo mwa Windows. Kwa anthu ambiri nkhani imeneyi ilibe tanthauzo lililonse, koma kwa ife amene timakonda kugwiragwira za m'kati mwa kompyuta, miyezi iwiriyi ndi yoopsa pa ntchito. Ine ntchito yanga ndi yomasulira zolemba za anthu ena kuchokera m'Chingerezi kupita m'Chichewa, ndiponso kukonza zimene ena amasulira, ndipo laputopu imene ndili nayo imachita zonse zimene ntchitoyi imafuna popanda chodandaulitsa. Komabe uthenga wakuti kwatuluka Ubuntu watsopano ukangofika, mumtima mumabwera ganizo looneka lanzeru kwambiri, lakuti lipoti limene likundidikira lidzamasulirika bwino ndikayamba ndaika kaye pulogalamu yatsopanoyo. Fayilo yake masiku ano ndi yoposa magigabaiti 5, choncho pamafunika bandulo yaikulu ndi kuleza mtima. Ikatha kulowa, kawirikawiri pamapezeka kanthu kena kamene kasiya kugwira ntchito, mwina pulinta, mwina mawu sakumveka, ndipo kanthu kameneko kamafunanso kukonzedwa. Dzuwa likamalowa munthu amakhala atatopa ndithu, msana ukuwawa, koma lipoti likadali pa tsamba lomwe analisiya.

Chimene chimasiyanitsa kuzengereza kwa mtundu uwu ndi ulesi wamba n'chakuti sikudziwika, ngakhale kwa mwiniwake. Munthu amene wasiya ntchito n'kupita kukasewera bawo, kapena amene wagona pa mpando akuyang'ana zithunzi pa Facebook, amadziwa chimene akuchita, ndipo chikumbumtima chimamubaya mpaka nthawi zina amadzuka n'kubwerera ku ntchito. Wokonzakonza kompyuta alibe mwayi umenewo. Iye amakhala pa tebulo lomwelo la ntchito, nkhope ili yokwinya, zala zili pa kiyibodi. A m'nyumba amayenda monyang'ama ndi kuletsa ana kuchita phokoso poti bambo kapena mayi ali pa ntchito. Palibe amene angamufunse, ndipo iyenso sadzifunsa, chifukwa chilichonse chimene akuchitacho chili ndi chifukwa chomveka chimene angathe kuchifotokoza popanda manyazi.

Chitsanzo chimene ndimachidziwa bwino ndi cha mizere yofiira. Aliyense amene analembapo Chichewa mu Microsoft Word kapena mu LibreOffice amadziwa kuti pulogalamuyo ikakhala kuti yatchera Chingerezi, pafupifupi liwu lililonse limalembedwa mzere wofiira kunsi kwake, ngati kuti tsamba lonse ndi zolakwika zokhazokha. Mankhwala ake ndi apafupi, pakuti munthu amangozimitsa mbali imene imayang'ana kalembedwe ka mawu, ndipo zimenezi sizitha ngakhale mphindi imodzi. Koma pali njira ina yokopa kwambiri, yofuna kuphunzitsa kompyuta Chichewa. Poyamba umawonjezera mawu amodziamodzi m'dikishonale ya pulogalamuyo, ndipo sipapita nthawi yaitali usanazindikire kuti ntchitoyi ilibe malire, chifukwa chinenero chathu chimamanga mawu polumikiza timagawo tambiri pa tsinde limodzi. Ukaiphunzitsa "ndapita", imakana "sindinapite". Ukaiphunzitsa limenelo, imakananso "akadapita", "tikapitenso" ndi "mukadzapitako". Kenaka umamva kuti LibreOffice imagwiritsa ntchito Hunspell, pulogalamu yoyang'ana kalembedwe ka mawu imene László Németh anaipanga poganizira Chihangare, chinenero chimenenso chimalumikiza timagawo tambiri pa liwu limodzi, ndiponso kuti munthu angathe kulemba yekha malamulo a aphatikiram'mbuyo ndi aphatikiram'tsogolo m'fayilo yapadera. Pamenepo ndiye kuti masiku apita, chifukwa umayamba kusanja magulu onse a mayina ndi agwirizanitsi awo, nthawi za aneni ndi misintho yake, ndipo lamulo lililonse limene walemba limabala mawu ena osamveka amene amafuna lamulo lina lowaletsa.

Ntchito yoteroyo si yachabe. Chichewa chikuifuna, ndipo amene amaichita monga ntchito yawo yeniyeni ayenera kuthokozedwa. Koma munthu amene wandipatsa chikalata cha zaumoyo kuti ndimasulire salipira zimenezo, ndiponso amene adzawerenge chikalatacho kumudzi sadzaona mzere wofiira ngakhale umodzi. Chimene ndinachiona m'kupita kwa nthawi n'chakuti chilakolako chophunzitsa kompyuta Chichewa sichibwera nthawi ina iliyonse. Sichibwera pamene ndime zikumasulirika mosavuta, ndipo sichibweranso pamene ndilibe ntchito m'manja. Chimadikira ndime yovuta. N'chimodzimodzi ndi chilembo cha ŵ, chimene ena amachifunabe m'mawu monga Malaŵi. Munthu angathe kuchikopera kamodzi n'kumachimata pamene chikufunika, koma tsiku limene chiganizo chakanika ndi pamene zimaoneka zofunika kwambiri kuti ndipange ndekha kiyibodi yatsopano ya Chichewa.

Akatswiri amene anafufuza za kuzengereza amafotokoza zimenezi m'njira imene ine ndimaikhulupirira. Fuschia Sirois ndi Timothy Pychyl analemba mu 2013 kuti gwero la kuzengereza si kulephera kugawa nthawi monga ambiri timaganizira, koma ndi kufuna kuthawa msanga kusautsika kwa mumtima kumene ntchito ina imabweretsa. Munthu amasankha kupepukidwa lero, n'kusiyira katunduyo iye mwini wa mawa. Piers Steel wa ku yunivesite ya Calgary, ataunika kafukufuku wochuluka wa ena mu 2007, anapeza kuti anthu amazengereza kwambiri pa ntchito zosasangalatsa, zimene phindu lake lili kutali, ndiponso zimene akudzikayikira ngati angazithe. Kumasulira kuli ndi zonse zitatuzi. Pamene ndikufunafuna njira yonenera m'Chichewa mfundo ya zamalamulo kapena ya zachipatala imene anthu sanagwirizane kanenedwe kake, palibe amene angandiuze nthawi yomweyo kuti ndakhoza. Ndingathe kulemba chiganizocho m'njira zingapo, zonse zikumveka zoperewera penapake, ndipo chiweruzo chidzabwera patapita milungu, kuchokera kwa mkonzi kapena kwa owerenga amene angadzanene kuti Chichewa chimenechi n'chachilendo. Ndime yovuta imafunsa ngati ndimadziwadi ntchito yanga, ndipo funso limenelo silikoma.

Vuto la kompyuta ndi losiyana kotheratu. Limabwera ndi uthenga wake wolembedwa pa sikirini, umene umaukopera n'kuufufuza pa intaneti, ndipo pafupifupi nthawi zonse umapeza kuti wina anakumana nalo kale ndipo wina anamuyankha. Ukatsatira malangizowo, chinthucho chimagwira ntchito kapena sichigwira, ndipo yankho limabwera pompopompo. Chikagwira, mtima umasangalala chifukwa wapambana pa chinthu chooneka ndi maso. Chikakanika, kompyuta sikuseka ndipo siuza munthu. Choncho wokonzakonza amapeza tizipambano tambirimbiri pa tsiku limodzi popanda kuika ulemu wake pachiswe, pamene ntchito yeniyeni ikadamupatsa tsamba limodzi lokha lomwe iye mwini akulikayikira.

Mu 1957, C. Northcote Parkinson wa ku Britain anafotokoza khalidwe lofanana ndi limeneli pogwiritsa ntchito komiti yongoyerekeza. Komitiyo inavomereza ntchito yaikulu yomanga malo opangira mphamvu ya nyukiliya m'mphindi zochepa chabe, chifukwa nkhaniyo inali yozama moti mamembala ankaopa kuonetsa umbuli wawo, koma inakangana nthawi yaitali pa za kashedi kosungiramo njinga, poti aliyense amadziwa mtengo wa malata. Munthu mmodzi angathe kukhala komiti yotere payekha. Funso lakuti kodi mfundo yaikulu ya mutu wachitatu ndi yoona amalidutsa mofulumira, koma funso lakuti kodi mitu ya nkhani ilembedwe ndi zilembo za Garamond kapena za Times New Roman amalipatsa masana onse.

Kumene ndimaona khalidweli likukula kwambiri ndi pakati pa ophunzira a ku yunivesite amene akulemba kafukufuku wawo womaliza, ndipo ena mwa iwo amandibweretsera zolemba zawo kuti ndiwakonzere. Kwa iwo zida n'zambiri, ndipo chilichonse chili ndi alaliki ake. Pali funso la Word kapena LaTeX, pulogalamu yosanjira zolemba imene akatswiri a masamu ndi a sayansi amaikonda. Pali funso la Zotero, imene inapangidwa ku yunivesite ya George Mason mu 2006, kapena Mendeley, posunga mndandanda wa mabuku amene awerenga. Pali Evernote, Notion ndi Obsidian, zonse zolonjeza kuti zidzasunga maganizo a munthu mwadongosolo. Wophunzira amayamba ndi chimodzi, amamanga mafoda ndi zizindikiro zamitundumitundu, kenaka amaona vidiyo pa YouTube yoonetsa kuti china n'chabwino koposa, ndipo amayamba ntchito yosamutsa zonse. Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Chomvetsa chisoni n'chakuti pa kusamutsa konseku zolembazo zimagwiridwa kambirimbiri koma siziwerengedwa. Munthu amakhala ndi mazanamazana a mafayilo a PDF osanjidwa bwino, dzina la mlembi ndi chaka zili m'malo mwake, koma ukamufunsa kuti alembi awiri awa amatsutsana pati, amayamba kutsegula kompyuta kuti afufuze.

Ambiri mwa okonda Obsidian amatchula Niklas Luhmann, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wa ku yunivesite ya Bielefeld ku Germany, amene anamwalira mu 1998 atasiya timakadi pafupifupi 90,000 tolembapo maganizo ake, tolumikizana pogwiritsa ntchito manambala. Iye analemba mabuku ochuluka zedi, ndipo anthu amaganiza kuti chinsinsi chake chinali m'kasanjidwe ka timakadito. Ine ndikuona kuti amayang'ana mbali yolakwika. Timakadi take tinali timapepala wamba tosungidwa m'madilowa a matabwa, ndipo njira yake anaitsatira kwa zaka makumi angapo osafunafuna ina. Chimene chinadzaza madilowawo ndi kuwerenga ndi kulemba m'mawu akeake tsiku ndi tsiku. Amene amatengera bokosilo n'kusiya khama lolidzaza amakhala ndi pulogalamu yokongola yojambula mizere pakati pa timapepala topanda kanthu.

Pali munthu wina amene okonzakonza amamugwiritsa ntchito podziteteza, ndipo nkhani yake ndi yoyenera kuiona bwino. Donald Knuth wa ku yunivesite ya Stanford ankalemba mabuku ake odziwika a luso lolemba mapulogalamu a kompyuta, amene anakonza kuti adzakhale 7. Mu 1977 analandira masamba oyeserera a buku lachiwiri limene linkasindikizidwanso, ndipo sanakondwere ndi maonekedwe ake, chifukwa osindikiza anali atasiya makina akale a zilembo zachitsulo n'kuyamba njira yatsopano imene inkaononga kukongola kwa masamu. M'malo mongodandaula, anaganiza zopanga yekha pulogalamu yosanjira zilembo, akuyembekeza kuti imutengera miyezi ingapo. Inamutengera zaka zoposa 10. Anapanga TeX, anapanganso Metafont yojambulira zilembozo, ndiponso zilembo zakezake zotchedwa Computer Modern. Buku lachitatu linali litatuluka mu 1973, ndipo gawo loyamba la buku lachinayi linatuluka lathunthu mu 2011. Masiku ano akatswiri a masamu ndi a sayansi pa dziko lonse amalemba ndi TeX kapena LaTeX imene inamangidwa pamwamba pake, choncho wina angathe kunena kuti nayu munthu amene anasiya ntchito n'kuyamba kukonza zida, ndipo dziko linapindula.

Ine ndikaiyang'anitsitsa nkhaniyi ndimaona kuti Knuth ndi mboni yotitsutsa. Vuto lake silinali lofunafuna, linatuluka m'ntchito yeniyeniyo, pa masamba a buku limene anali atalemba kale. Pamene ankayamba TeX n'kuti mabuku atatu akuluakulu ali kale m'manja mwa owerenga. Chachikulu koposa n'chakuti anadziwa polekera. Atafika pa TeX 3, mu 1990 analengeza kuti sadzawonjezeranso zatsopano, adzangokonza zolakwika, ndipo kuyambira pamenepo nambala ya pulogalamuyo imangowonjezeka chiwerengero chimodzi kumapeto, kuyandikira nambala ya pi, moti panopa ili pa 3.141592653. Pa 1 Januwale 1990 anasiyanso kugwiritsa ntchito imelo kuti apeze nthawi yolemba. Nkhani ya Linus Torvalds, amene anayambitsa Linux, ndi yofanana. Mu Epulo 2005, pamene chilolezo chogwiritsa ntchito mwaulere BitKeeper, pulogalamu yosungira zosintha za mapulogalamu, chinachotsedwa ndipo ntchito yopanga Linux inasowa posungira zosintha zake, iye anapanga yakeyake yotchedwa Git m'masiku owerengeka, ndipo pofika mu Julayi chaka chomwecho anaisiya m'manja mwa Junio Hamano n'kubwerera ku ntchito yake. Anthu awiriwa anapanga chida chifukwa ntchito inaima, ndipo chidacho chitatha anachisiya. Ambiri a ife ntchito siinaime, tinangoithawa, ndipo chida chathu sichitha.

Sindikunena kuti zida zisasamalidwe. Mlimi amasema mpini ndi kukhoma khasu lake mvula isanagwe, ndipo khasu likaguluka ali m'munda amaima n'kulikhoma, chifukwa kupitiriza nalo n'kutaya mphamvu. Amene timamudabwa ndi uja amene mvula yagwa, anzake akubzala, iye ali pakhonde kupala mpini wachitatu pamene woyamba uja sanauyese n'komwe. Funso lothandiza ndi lakuti kodi vutoli ndalipeza ndili m'munda kapena ndalipeza ndili pakhonde. Masamu akenso ndi osavuta. Tiyerekeze kuti kusintha kwina kukupulumutsa masekondi 10 pa chinthu chimene ndimachita kasanu pa tsiku. Amenewo ndi masekondi 50 pa tsiku, ndipo pa masiku 250 a ntchito sakwana bwino maola atatu ndi theka pa chaka. Ngati ndatha masiku awiri a ntchito, maola 16, pokonza kusinthako, padzafunika zaka zoposa zinayi kuti nthawi yanga ibwerere, ndipo wokonzakonza aliyense amadziwa mumtima mwake kuti zaka zinayi zisanathe adzakhala atasintha zonse kangapo.

Kuno kwathu mtengo wa khalidweli ndi wokwera kuposa mmene mavidiyo a pa YouTube amaonetsera. Ambiri mwa amene amaonetsa madesiki awo okongola ndi mapulogalamu awo atsopano amakhala kumene intaneti ilibe malire ndipo magetsi sazima, komanso tisaiwale kuti kuyesa mapulogalamu ndiyo ntchito imene imawadyetsa. Iwo akasintha pulogalamu amapeza nkhani ya vidiyo yotsatira, pamene ife tikasintha timataya bandulo. Nthawi imene magetsi akuvuta, maola amene batire ya laputopu ili ndi moto ndi chuma, ndipo kukonzakonza kumadya zinthu zomwe zili zosowazo, data ndi batire, pamene kulemba ndime kumafuna zochepa kwambiri. Ndimaona kuti masiku amene intaneti palibe ndi amene masamba amachuluka, ndipo sindikhulupirira kuti zimangochitika mwangozi.

John Perry, mphunzitsi wa filosofi wa ku Stanford komweko, analemba m'zaka za m'ma 1990 nkhani yaifupi yoseketsa imene inamupatsa mphoto ya Ig Nobel, imene imaperekedwa pa ntchito zoseketsa koma zopatsa kuganiza, mu 2011. Mfundo yake inali yakuti wozengereza kawirikawiri sakhala chabe, amachita zinthu zina zothandiza pang'ono pothawa chinthu chimene chili pamwamba pa mndandanda wake, choncho angathe kudzinyenga mwanzeru poika pamwamba ntchito yooneka yaikulu koma yosafulumira, kuti poithawa azichita zina zofunika. Ganizoli ndimalikonda, ndipo limagwira ntchito pa zinthu zimene zili ndi mathero, monga kuyankha makalata, kulemba ma invoisi kapena kuchonga mayeso. Pa kukonzakonza kompyuta silithandiza, chifukwa ntchito imeneyi ilibe tsiku limene munthu anganene kuti yatha. Makalata amatha, koma maonekedwe a sikirini angathe kusinthidwa mpaka kalekale, ndipo mitundu ya Linux yoti uyese, Debian, Fedora, Mint, Arch ndi ina yambiri, ndi yochuluka kuposa masiku a tchuthi amene munthu ali nawo.

Ena akazindikira zimenezi amathamangira mbali ina, n'kuyamba kufunafuna chida chosavuta kwambiri, chopanda zosokoneza. Amatchula George R. R. Martin, wolemba nthano wa ku America, amene ananena poyera kuti amalemba ndi WordStar 4.0, pulogalamu ya m'zaka za m'ma 1980, pa kompyuta yakale ya DOS yosalumikizidwa ku intaneti. Koma kufunafuna pulogalamu yosavuta nakonso kumatha milungu, chifukwa mapulogalamu osavutawo alipo ambiri ndipo aliyense amati yake ndiyo yosavuta koposa. Komanso owerenga a Martin akhala akudikira buku lotsatira la nthano yake yotchuka kuyambira mu 2011, zimene zikuonetsa kuti kompyuta yakale payokha simaliza buku. Posachedwapa kwabweranso zida za AI, ndipo ndaona anthu akutha madzulo onse akusula ndi kusulanso malangizo oti apatse makina kuti awalembere kalata imene akadailemba okha m'mphindi 20.

Chimene chimandithandiza ine n'chosachititsa chidwi. Pambali pa laputopu pamakhala kope, ndipo chinthu chikandisautsa ndili pa ntchito ndimachilemba m'kopemo n'kupitiriza, osachikonza. Ntchito ikaperekedwa kwa mwiniwake ndimawerenga zimene ndinalemba, ndipo zambiri zimakhala zitasiya kuoneka zofunika, umene uli umboni wakuti zinali zongothawirako. Zimene zalembedwa mobwerezabwereza ndi zimene ndimazikonza, chifukwa zimenezo zatuluka m'ntchito. Ndime ikakanika ndimachoka pa kompyuta n'kuilemba ndi cholembera, ndikuiwerenga mokweza kuti khutu liweruze, pakuti pepala lilibe zoti munthu asinthe. Pa laputopu ya ntchito ndimakhala ndi Ubuntu wa mtundu wa LTS, umene umatuluka kamodzi pa zaka ziwiri ndipo umasamalidwa kwa zaka 5. Ndinavomerezanso kuti kugwiragwira kompyuta ndimakukonda, monga ena amakondera mpira, ndipo kunandiphunzitsa zinthu zimene zimathandiza abale ndi anzanga makompyuta awo akavuta. Choncho ndinakupatsa nthawi yake Loweruka masana pa laputopu ina yakale, ndipo ndimakutcha masewera. Kukakhala ndi dzina limenelo kumasangalatsa koposa, chifukwa sikubanso nthawi ya munthu wina amene akudikira chikalata chake.

Pali ntchito imodzi ya pa kompyuta imene ndi yofunikadi kuichita ntchito yeniyeni isanathe, ndipo n'zochititsa chidwi kuti okonzakonza ambiri ndi imene amainyalanyaza. Ntchitoyo ndi kusunga makope a zimene akulemba. Ndaonapo wophunzira amene laputopu yake inali yokonzedwa mwaluso, chilichonse chili ndi mtundu wake ndi njira yake yachidule, koma kafukufuku wake yense anali m'fayilo imodzi, pa laputopu imodzi yomweyo, imene ankayenda nayo m'minibasi tsiku ndi tsiku. Laputopu zimabedwa, ma hard disk amafa osatsanzika, ndipo nyengo ya mvula mphezi kapena magetsi obwera mwamphamvu amapsereza zida. Lamulo limene akatswiri amalangiza ndi lodziwika: makope atatu, pa zosungira zamitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi nyumba. Kwa munthu wolemba, zimenezi zikutanthauza kukopera fayilo pa fulashi ndi kudzitumizira yekha pa imelo kapena kuiika pa Google Drive akamaweruka, ndipo fayilo ya mawu okhaokha ndi yaing'ono moti siidya bandulo. Chifukwa chimene ntchito imeneyi imanyalanyazidwira ndi chomwecho chimene chimakopera anthu ku zinazo. Ilibe zoti usankhe, ilibe vuto loti ulithetse mwanzeru, ndipo imatha m'mphindi ziwiri, kenaka munthu amapezekanso ali maso ndi maso ndi ndime imene amaithawa.